Alonda obwera mu diripi

Usiku watha ndinalota zondisautsa, anzanga a m'gulu lathu, koma ndiyambe ndi za Lachiwiri kuti mundimvetse. A nesi a kumene ndimalandira ma ARV anandipatsa fomu ya kafukufuku. Akuti amakuika diripi ya asilikali a m'thupi opangiratu olimbana ndi HIV, kenako umasiya kaye mapiritsi, iwo n'kumakuyeza magazi pafupipafupi kuti aone ngati chitetezo chako chingathe chokha kupondereza kachilomboko. Fomuyo ndiibweze Lachisanu. Ine zaka khumi ndi chimodzi osadumphitsa piritsi, lero ati siya kaye? Sizinandilowe bwino.

Ndiye kumalotoko ndinali mushopu yanga yosokeramo zovala, masana dzuwa lili phwee, koma ndinkadziwa kuti shopuyo ndi thupi langa. Pakhomo panali a Mbewe, mlonda wathu wa pamsika, akuwodzera monga mwa masiku onse. Kudenga kunkamveka tseketseke. Mbava zinali momwemo, zija zakhalamo zaka zonsezi osatsika.

Kenako pamakina osokera panalendewera diripi m'malo mwa ulusi, ndipo mukapaipi kake munkatuluka anyamata ovala zoyera, mmodzimmodzi. Moni sanapereke. Ndinawafunsa kuti, "Kodi inu, wakutumani ndani? Kwanu n'kuti?" Wamkulu wawo anangoti, "Ndife aganyu, mayi." Anthu aganyu osanena ndi kwawo komwe! Ndinayamba kuwerenga nsalu zanga ndi maso.

Ndiye a nesi aja anatulukira kuseri kwa katani, n'kupita molunjika pachitini cha mabatani pomwe ndimabisa botolo langa la mankhwala. Anadziwa bwanji? Ngakhale mwana wanga Tadala sapadziwa. A nesiwo analiika botololo m'thumba akumwetulira, ndipo nthawi yomweyo mbava zinayamba kutsika.

Zoona, anyamatawo ntchito ankaidziwa. Ena ankazigwira, ena anatenga choko changa cholembera nsalu n'kumazilemba mtanda kumsana. Kenako anagwedeza a Mbewe: "Madala, dzukani! Aliyense wa choko, menyani." A Mbewe anamenya ziwiri, ine mpaka kuwomba m'manja.

Koma posakhalitsa ndinaona kuti anyamatawo akuchepa. Ankangozimiririka, osatsanzika. Ndinakuwa kuti, "Nanga za kudengazo?" Womaliza anati, "Ganyu yathu yatha, mayi. Madalawa tawaphunzitsa." Denga linasweka, mwendo wa mbava n'kutulukira, wopanda choko. A Mbewe anaimirira, chibonga m'manja, atayang'ana kukhomo. Kaya amafuna atseke, kaya athawe, sindinaone.

Alamu ya sikisi koloko inalira, ine dzambatu! Ndinathamangira kuchikwama momwe ndimaika chitini chija ndikaweruka, botolo lilipo. Ndinameza piritsi ngakhale madzi ndisanatunge.

Ndiye tandimasulireni, anzanga. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komanso amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mantha ndili nawo, sindinama. Fomu ili pansi pa makina, Lachisanu ndi mawa, ndipo ine a Mbewe ndimawadziwa tulo tawo.