Nthenga ya Azakhali

Dzulo ndinalanda mdzukulu wanga kamtengo ka thonje, ati akuchotsa fumbi la malasha m'khutu. Fumbi kuno ku Moatize ndi losayamba, koma m'khutu mwa mwana wa pakhomo panga simulowa kanthu. Ine dzanja la munthu sindilikhulupirira.

Nkhondo itangotha, titabwerera ku Zóbuè kuchokera ku Malawi, ine ndili mwana, azakhali anandigoneka pamiyendo pawo kuti andichotse phula m'khutu. Mawa lake ndinkakalandira Ukaristia woyamba. Nsalu yawo inkanunkha utsi ndi fodya.

"Ukufuna a padiri aone phula lonseli? Ugone bwino, sizipweteka."

Anatokosa ndi phata la nthenga ya nkhuku mpaka m'khutu munauma gwa. Posakhalitsa khutu linatupa, mafinya akutsikira patsaya.

Kuchipatala ndinapita ndi amayi komanso azakhaliwo. Anamwino anaunika m'khutu n'kupukusa mutu.

"Mwapala phula lonse! Phula lija si litsiro, mayi. Limakola fumbi ndi tizilombo, limatchinga khungu la mkati kuti matenda asalowe. Wachita zimenezi ndani?"

Ndinatembenukira azakhali, mtima uli m'malo kuti avomera.

"Ndi yemweyu," anatero osaphethira. "Amangodzitokosa ndi timitengo. Ndamuletsa mpaka kutopa."

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lolonjeza chikwapu tikafika kunyumba. Nditati nditsegule pakamwa, azakhali anayamba kundisisita mutu, akumwetulira anamwino, uku dzanja linalo likunditsina pantchafu pomwe nsalu yawo inaphimba.