Miyala ya a Medson

A Modesta anali mayi woti akaona banga pa poto mutu unkawawawa. Anafika ku Nairobi mu 1974 potsatira amuna awo, a Medson, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki kubungwe lina la mayiko, ndipo iwonso anapeza yotayipa makalata. Amalawi onse a m'dera lawo la Lavington ankadziwa kuti polowa kwa a Modesta uyambe wayang'ana kumapazi kwako.

Ndiye tangoganizani, mayi waukhondo chotere n'kukwatiwa ndi mwamuna woweta nsomba pabalaza! Sizinalinso zodya ayi. Zinali tinsomba tisanu ta m'nyanja yamchere, m'thanki yagalasi yodzaza miyala yandere imene a Medson anabwera nayo m'ndowa kuchokera ku Malindi wa kugombe la Kenya.

"Bambo a Lenah, miyala yanuyi ikundichititsa manyazi kwa alendo," ankatero a Modesta, burashi ili m'manja.

"Musatsuke, mayi a Lenah. Litsirolo ndi lamoyo. Ndi limene limayeretsa madzi."

A Modesta ankangoti ndi ulesi wa amuna uwu, koma ankawasiya.

A Medson anamwalira mu 1983. Atabwerako kumaliro ku Ntcheu, a Modesta anauzidwa kuti nyumba ya bungwe aituluke. Anapeza ina yaing'ono ku South C, dera lina la mu Nairobi momwemo. Thanki yakale inali itayamba kudontha, ndiye anapangitsa ina. Masuti a malemu anali atagawidwa kumudzi, njinga inapita kwa mlamu wawo. Chimene chinatsala cha amuna awo, chopumabe, chinali nsombazo, ndipo analumbira mumtima kuti zisafere m'manja mwawo.

Tsiku losamuka, amayi anzawo achimalawi anabwera kudzathandiza monga zimakhalira kwathu, motsogozedwa ndi a Eneles, mayi wachikulire wa kutchalitchi. A Modesta anaika nsomba m'ndowa za madzi akale, miyala m'mabeseni momizidwa bwinobwino, n'kuthamangira m'tauni kukagula mchere wopangira madzi atsopano.

Pobwerako anapeza miyala ija ili pa kapinga, yoyera mbee, itandandalikidwa padzuwa ngati mbale pathandala. Inali ikununkhira sopo.

"Ndere zake zinali zokakamira, asisi!" anatero a Eneles akupukuta thukuta. "Mpaka tachita kuthira madzi otentha. Nyumba yatsopano salowa ndi litsiro lakale."

A Modesta anatula mchere uja pansi. Ankafuna kukuwa. Koma ungamukalipire bwanji munthu amene wasiya ntchito zake, wakwera maminibasi awiri aja amati matatu, manja ake atupa chifukwa cha iwe? Anagwada, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri amayi, mwagwira ntchito."

Kuseri kwa khitchini anapeza beseni limodzi limene amayiwo analikankhira pambali kuti litayidwe chifukwa cha fungo. Munali mchenga wa pansi pa thanki, wakuda ngati matope a kudimba. A Modesta analinyamula, n'kulikhazika pamiyendo pawo m'lole ulendo wonse wa ku South C, madzi ake akudonthera pa chitenje. Amayiwo anayang'anana, n'kungoti chisoni chimasokoneza mutu.

Miyala ija anaitsukuluza masiku atatu kuti sopo achoke. Kenako anathira matope aja m'thanki yatsopano, akunyansidwa nawo, madzi n'kuchita mbuu. Komabe mchenga wokha sunakwanire. Sabata yoyamba nsomba ziwiri zinayandama. Yachiwiri zinanso ziwiri. A Modesta ankazichotsa ndi supuni, akulira ngati maliro ayambiranso. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti iwowo akanatsuka miyalayo chimodzimodzi kalekale, a Medson akanangowalola.

Inatsala imodzi, kansomba kachikasu ka mizere yoyera, kamene a Medson ankakatcha Kapitawo chifukwa chothamangitsa anzake. Kankabisala kuseri kwa mwala, kakudya monyinyirika. Tsiku lililonse akaweruka, a Modesta asanavule nsapato ankayamba akayang'ana ngati kakupuma.

Patapita miyezi isanu, a Eneles anabwera kudzacheza Lamlungu masana. Kapitawo anali akuyendayenda m'thanki ngati mwini nyumba. Ali pakati pomwa tiyi, a Eneles anaona mabanga ofiirira atayamba kumera pa mwala wina woyera uja.

"Aa, asisi, kodi mwayamba kutayirira? Taonani apa."

Anapinda dzanja la bulauzi, n'kutenga kansalu kopukutira mbale, kuti apise m'madzimo. A Modesta, amene sanagwirepo munthu wamkulu pamkono chibadwire, anawagwira.

"Musatsuke, amayi. Litsirolo ndi lamoyo."

Atamva mawuwo akutuluka m'kamwa mwawo, a Modesta anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi kansalu kaja.