Malo a Amayi Pasiwa

Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimene agogo anamwalira, chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi kachitini ka mafuta odzola komwe amayi ankasungamo mankhwala awo a mtima. Munali otsitsa kuthamanga kwa magazi, ena oti mtima uzigunda mofatsa, ndi timapilitsi toyera tochotsa madzi m'thupi. Toyerato ankadana nato, chifukwa akamwa m'mawa ankangokhalira ulendo wa kuchimbudzi mpaka masana. Koma akaleka kumwa, miyendo inkatupa ndipo madzi ankakwera m'chifuwa.

Agogo, mayi awo a abambo, anatisiya tikukumba mbatatesi kwathu ku Kandeu. Abambo anali ku Joni, ndiye achibale anagwirizana kuti maliro awadikire. Amayi anali mtengwa pamudzipo, choncho malo awo anali mkatikati mwa nyumba ya siwa, kutali ndi khomo, pakati pa azimayi opanikizana pamphasa. Wofuna kutuluka ankayenera kulumpha miyendo ya akuluakulu. Azakhali, mlongo wa abambo, anali atanenapo kale kuti mtengwayu sankawakonda apongozi ake, ndipo maso awo sankachoka pa amayi.

Madzi ndi kachitini ndinkawapititsira ndine. Ndinaona kuti enawo akumeza, koma toyera akubwezeramo. Nditafunsa, anangonditsina pantchafu. Mpaka lero ndikaganiza ndimapsa mtima: munthu wodwala mtima kuopa pakamwa pa anthu kuposa manda! Koma ine sindinakhalepo mtengwa pamudzi uja.

M'nyumbamo munkanunkha utsi ndi thukuta, ndipo ndiwo zinali nyemba zamchere wambiri, zomwe kuchipatala anawaletsa. Mapazi a amayi anayamba kunyezimira, masilipasi kukana kulowa. Nyimbo zimene ankatsogolera kutchalitchi anayamba kuzidulira pakati. Tsiku lina masana, abambo akadali m'njira, amayi anayesa kudzuka koma analephera. M'chifuwa munkalira ngati mphika ukuwira, milomo itada bii. Ndinachita mantha kwambiri.

Amalume, amene anabwera kuchokera kumigodi ndi chifuwa chobanika, anathamangira m'nyumbamo ndi pampu yawo yabuluu. Kwa iwo kubanika kunali kumodzi, ndipo kwathu mnzako akadwala sumumana mankhwala. Anawapopera m'kamwa mobwereza. Mtima wa amayi unayamba kugunda moti ndinkauona pabulauzi, manja akunjenjemera, koma mpweya osabwera.

Anawakweza pangolo atakhala tsonga, poti kugona sankatha. Azakhali anakwera nawo, mwina pofuna kuona ngati sakunamizira. Ine ndinafumbata kachitini njira yonse, ndikumvetsera ngati akupumabe.

Kuchipatala adokotala anawabaya jekeseni n'kuwaika mpweya m'mphuno. Anawauza amalume mofatsa kuti pampuyo imatsegula njira za mpweya kwa wodwala mphumu, pomwe mapapo a amayi anali atadzaza madzi chifukwa mtima unafooka, ndiye pampuyo inangouthamangitsa mtima wotopa kale. Kenako anafunsa ngati mankhwala ochotsa madzi akumwa. Amayi anavomera ndi mutu.

Ndinatsegula kachitini kaja.

“Toyera sakumwa,” ndinatero. “Akuopa kuwalumpha azakhali.”

Amayi anatseka maso. Azakhali anangoyang'ana mapazi otupa aja kwa nthawi yaitali. Agogo anaikidwa amayi ali pabedi lachipatala, ndipo amayiwo atabwerako anatha masiku osandilankhula bwino.

Mvula isanagwe pamudzipo panagwanso maliro ena. M'mawa mwake amayi analowa pasiwa akuwerama, kulunjika mkati monga mwa nthawi zonse, ine pambuyo ndi kachitini. Azakhali anawagwira chitenje anthu onse akuona.

“Alamu, malo anu ndi apa pakhomo. Musapitirire.”

Anasuntha nsapato za anthu n'kuwayalira chiguduli pomwepo, pamene pankalowera mphepo ndi fumbi. Kenako anatenga kachitini m'manja mwanga, kusankhamo kapilitsi koyera, n'kuwapatsa amayi pamodzi ndi kapu ya madzi. Amayi analandira ndi manja awiri, misozi ikutsika.

Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira. Ndinkati pakamwa panga pawachotsetsa amayi pamalo aulemu, ndipo azakhali akuwalanga.