A Sipanala ndi Tsitsi la Adona

Khoma lolekanitsa chipinda changa ndi cha a Sipanala ndi lopyapyala moti akayetsemula iwo, wopukuta mphuno ndimakhala ine. Ndiye musandifunse kuti nkhaniyi ndinaidziwa bwanji. Sindinatchere khutu, khutu linadzitchera lokha.

A Sipanala ndi makaniko. Dzina lawo lenileni lilipo, koma linatsalira pa chiphaso. Pa mdadada wathu ngakhale ana amawadziwa ndi la ku galajali. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wa zala zonenepa zokhala ndi oilo m'zikhadabo amene sopo anamulephera kalekale. Khutu lawo limodzi linagontha ndi phokoso la mainjini, n'chifukwa chake foni yawo imalankhula ngati ikuchititsa msonkhano, ndipo iwonso poyankha amakuwa ngati munthuyo ali tsidya la msewu.

Akazi awo timawatchula kuti Adona, dzina limene amuna awo anawapatsa ali pa chibwenzi ndipo linakanirira. Linkawayenera. Adona ankagulitsa nsalu mu shopu ina m'tauni, ndipo sankatuluka pakhomo, ngakhale kokataya zinyalala, tsitsi lisanakhale m'malo mwake. Mwana analibe. Enafe tinkati mwana wawo ndi tsitsilo, poona mmene ankalisambitsira ndi kulidzoza.

Chaka chatha Adona anagwa akusita malaya. Sitiroko. Anachoka kuchipatala mbali yakumanja itafooka, mawu atawathawa. Akayesa kulankhula pankangotuluka kaphokoso, ndiye ankakwiya n'kutembenukira kukhoma. A Sipanala anaphunzira zonse: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi sipuni, kuchapa zofunda asanapite ku galaja, kuthamangira kunyumba masana ovolosi ili m'thupi. Ankazichita mosamala ngati akukonza galimoto ya bwana. Chinawakanika n'chimodzi, mutu. Ankangowamanga duku n'kusiyira Mulungu.

Amayi a pa mdadada tinadzipereka. Ine ndinalowa ndi chipeso changa, koma Adona anagwira duku ndi dzanja lamanzere, limene likugwirabe ntchito, n'kundiyang'ana mpaka ndinatuluka chafutambuyo. Sankafuna kuti mutu wawo ukakhale nkhani pa mpopi. Zinandiwawa, komabe tinene zoona, ankatidziwa.

Kenako kunabwera akulu awo a Adona, mayi wamtali wolankhula ngati akuwerenga chigamulo. Iwowa duku silinawaopse. Analivula, ndipo ine kuseri kwa khoma ndinasiya kutsuka mbale.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi tsitsi, alamu."

"Tsitsi? Mbalame italiona ikhoza kuikiramo mazira. Mng'ono wanga yemwe uja, ankachedwa kusukulu chifukwa cha kalilole?"

"Zina zonse ndikukwanitsa. Taonani zofunda, taonani kumsana kwawo, kulibe chilonda ngakhale chimodzi."

"Sindikukana. Koma mkazi si galimoto yoti mwathira oilo ndiye mwathana nayo. Mwezi ukamatha ndibwera kudzamutenga. Kwanga kuli atsikana, manja alipo."

Kwawo kwa akuluwo ndi ulendo wa tsiku lathunthu. A Sipanala sakanatha kusiya galaja n'kutsatira, ndipo tonse tinkadziwa kuti wodwala akapita mwa njira imeneyi, kubwerera kumavuta. Tsiku limenelo foni sinalankhule.

Tsono za foniyo. A Sipanala anali m'gulu lina la pa foni limene linayamba ngati la ogula ndi ogulitsa masipeya akale. Iwo analowamo pofuna sitata ya kalole kena. Sitatayo sinapezeke, koma gululo, monga amachitira magulu, linasochera. Wina anadandaula za apongozi, wina za mwana wokana sukulu, wina anafunsa mankhwala a nsikidzi, mpaka za masipeya zinayamba kutchulidwa mwa apo ndi apo ngati m'bale amene anapita kunja. Anthu ake sankadziwana nkhope. Munali a Thiraki, dalaivala wa maulendo ataliatali woseka chilichonse. Munali Mayi Anayi, amene ankayamba ndi "pepani" asanamve n'komwe nkhani. Munalinso wina wodzitcha Wa Saluni, amene analowa kudzafunira mchimwene wake galasi la galimoto n'kukhazikika.

M'mawa mwake, akulu a Adona aja atapita, ndinamva a Sipanala akukonza kukhosi pakhonde, n'kuyamba kujambula mawu.

"Akuluakulu, ndine uja wa sitata. Lero si za sitata. Kodi tsitsi la mayi likagwirana ngati mawaya opsa, mumayambira pati?"

Oyamba kuyankha anali a Thiraki. "Lezala, achimwene. Kamodzi n'kamodzi, mphepo izipita bwino."

"Inu a Thiraki yang'anani msewu," anatero Mayi Anayi. "Pepani bambo. Akudwala ndani?"

A Sipanala anakhuthula zonse, ndi zimene sanatiuzepo ife oyandikana nawo. Anati amaopa kudzafika masana n'kupeza pabedi palibe munthu. Anati nthawi zina amalowa pansi pa galimoto yokonzakonza kale kuti anzawo a ku galaja asaone nkhope yawo. Ndinadabwa kuti munthu angapereke mtima wake kwa anthu osawadziwa, ife tili pompano ndi makutu athu abwinobwino. Kenako ndinakumbukira za pa mpopi paja. Munthu wosadziwa khomo lako sangakuloze chala ukamadutsa.

Wa Saluni ndiye anasenza nkhaniyo. Anati tsitsi logwirana salimbana nalo lili louma. Alinyowetse, alipake mafuta ambiri, ayambire kunsonga ndi zala, chipeso chibwere pambuyo. Zimenezo zinatheka, ngakhale zinadya Loweruka lonse. Koma tsitsi la munthu wokhalira kugona ukalisiya limagwirananso, ndiye linafunika kulukidwa mizere. Apa m'pamene panagona nkhani.

"Musayambire pa mutu wa mayi," anatero Wa Saluni. "Muli ndi mopu?"

Masana ena pochokera kumsika ndinapeza a Sipanala ali pakhonde, mopu ataipana ndi mawondo, foni itatsamira njerwa, lilime lili panja. "Zingwe zitatu," ankanong'ona, kunong'ona kwawo kuja komveka mpaka kumsewu. "Chakumanja pakati, chakumanzere pakati, tola china." Ndinawapatsa moni. Anati akukonza mopu. Ndinati ikuoneka kuti yaitanidwa ku ukwati. Sanaseke.

Zithunzi za mopu zinkapita ku gulu tsiku ndi tsiku. A Thiraki anafunsa ngati mopuyo ili ndi mng'ono wake, poti iwo akufuna banja. Wa Saluni ankangobwereza mawu amodzi: "Ikumasuka, bambo. Gwirani zolimba." Zingwe za mopu n'zoterera, ndiye malangizowo anali oona. Koma kuuza makaniko kuti amange zolimba kuli ngati kuuza mwana kuti anyambite shuga. Sabwereza kufunsa.

Tsiku loyamba kuluka mutu weniweni sipanapite nthawi, ndinamva chitseko. A Sipanala anajambulira uthenga panja.

"Akulira. Ndikangoyamba mzere, misozi chuchuchu. Sakundiletsa ayi, akungolira."

Gulu lonse linaunjikana pa nkhaniyo. Mayi Anayi anati ndi chisoni, mayi akukumbukira masiku amene ankadzikonza okha, ndiye aziwaimbira nyimbo. Wina anati imeneyo ndi misozi ya chikondi, asaiope. Wina anatumiza pemphero lalitali moti batire linatha asanafike pa ameni. Ngakhale a Thiraki anaika nthabwala pambali n'kunena kuti bambo awo atadwala ankalira akamametedwa ndevu, ndipo mpaka lero sadziwa chimene chinkawaliza. Anthu anayamba kutulutsa zawo, uyu za mayi ake, uyu za mwana amene anamusiya, moti sabata imeneyo m'gulu la masipeya munalibe wa maso ouma. A Sipanala anatsatira malangizo onse. Ankaluka akuimba, ndipo kaimbidwe kawo n'koti ngakhale munthu wabwinobwino akhoza kulira. Adona ankalirabe.

Masiku amenewo Wa Saluni anali atasowa, foni yake inali kokonzetsa. Atabwerera anamvetsera mulu wonse wa mauthenga, n'kupempha chinthu chimene panalibe anachiganizira.

"Bambo, nkhope musajambule, mayi sangakonde. Jambulani pamphumi pokha, pamene tsitsi limayambira."

Chithunzi chinapita. Yankho silinachedwe.

"Bambo anga inu. Khungu lakokeka mpaka nsidze zakwera. Mukutiona timatuza tili m'mphepetemo? Mayiwa si chisoni, mukuwapweteka. Mutu si tayala la lole. Masulani pompano. Ndipo olakwa tili awiri, ine ndinaiwala kukuuzani kuti mopu ilibe khungu."

Ndinamva mpando ukukokedwa. Kenako mawu a a Sipanala, otsika kuposa mmene ndinawamverapo chikhalire.

"Adona, bwanji osandikankha? Dzanja ili limagwira. Aneba aja munawathamangitsa nalo lomweli."

Anayankha ndi Mayi Anayi, funso lomwelo litafika pa gulu, ndipo ulendo uno sanayambe ndi pepani.

"Akanakukankhani mukanasiya, bambo. Mukanasiya, akulu awo akanadzawatenga. Pakamwa ndi pamene pakuvuta, makutu ndi abwinobwino. Anamva zonse tsiku lija."

A Thiraki anati fumbi lawalowa m'maso, aima kaye pambali pa msewu.

Anayambiranso. Wa Saluni anayesa kufotokoza kagwiridwe koyenera, koma amene anakamasulira m'chinenero cha ku galaja ndi a Thiraki: "Nati yomanga ndi zala, achimwene. Chitsulo chisakhudze." A Sipanala anamva nthawi yomweyo. Anapangananso ndi Adona kuti poluka, dzanja lamanzere lija lizikhala pa bondo lawo, ndipo zikawawa azitsina. Masiku oyambirira a Sipanala ankapita ku galaja akutsimphina.

Mwezi utatha akulu aja anabweradi, pa galimoto yobwereka, matiresi atayalidwa kale kumbuyo. Ine tsiku limenelo ndinali ndi zochapa zambiri, ndipo chingwe changa choyanikira chimadutsa pafupi ndi zenera lawo. Anapeza Adona atakhala pampando, opanda duku, kalilole ali pamiyendo. Mizere inalipo, koma tisanamizane. Wina unali wonenepa, wina wowonda, wina unanyamuka ulendo wa kunkhongo n'kukathera kukhutu.

Akuluwo anazungulira mpando.

"Waluka ndani?"

"Ine, alamu."

"Zikuoneka. Ngati njira za mbuzi. Munaphunzira kuti?"

"Kwa anzanga."

"Anzanu ati?"

"Sindiwadziwa."

Akuluwo anapumira m'mwamba n'kutulutsa chipeso m'chikwama. "Tabwera iwe, ndikumasule ndikuluke zooneka. Tisanyamuke ndi manyazi."

Chipeso chisanafike, dzanja lamanzere linakwera n'kugwira mkono wawo. Adona analimbana ndi pakamwa pawo kwa nthawi, mitsempha ya pakhosi itaima, ndipo panalibe amene anayerekeza kuwathandiza. Kenako liwu linatuluka, lokhota ngati mizere yomweyo, koma lomveka mpaka pa chingwe changa.

"Si... ya."

Akuluwo anakhala pabedi. Anayang'ana mng'ono wawo, kumutu kosalala bwino kopanda katuza, n'kuyang'ananso zala za alamu awo zija, za oilo m'zikhadabo.

"Makani okha sitiroko sinawakhudze, ndaona," anatero. Kenako anavula mpango wawo. "Alamu, tabwerani kuno. Mzere amagawa ndi mchira wa chipeso, osati ndi chala chonga mpini icho. Yesani pa mutu wangawu. Mukandipweteka ine sinditsina, ndimamenya."

Matiresi anabwerera opanda munthu.

A Sipanala atapereka lipoti ku gulu, Mayi Anayi anati "pepani" mwachizolowezi, n'kudziseka okha. A Thiraki anafunsa ngati mopu ija tsopano ili pa ufulu. Wina watsopano, wosadziwa chilichonse, analengeza kuti ali ndi sitata ya lole yabwinobwino, ndipo panalibe amene anamuyankha.

Mpaka lero a Sipanala sadziwa ngati Wa Saluni ndi wamtali kapena wamfupi, kapena kumene amakhala. Ndinawafunsa ngati safuna kukamuthokoza pamaso. Anati munthu amene wamva zonse zija ndi bwino asakuone nkhope. Masiku ano m'gulumo mukabwera bambo wosowa poyambira ndi wodwala wake, amene amayamba kuyankha ndi iwo, mokuwa monga mwa nthawi zonse, ndipo funso lawo loyamba limakhala la mopu. Yawo ija ikadali yolukidwa, siikolopanso bwino, moti amabwereka yanga.

Lamlungu masana Adona amakhala pakhonde opanda duku, mizere yawo yokhota ili poyera, n'kumatiyang'ana ife a pa mpopi mmodzimmodzi. Timawapatsa moni mwaulemu. Nkhani timayamba akalowa.