Chipewa Chosavula pa Asembule

Chipewa changa cha mlaza chinali chachikulu kuposa lichero la amayi. Anandilukira ndi amalume, chaka chomwe ndinali Sitandade 3 pa sukulu ina kufupi ndi Ulongwe. Ndikachivala, nkhuku zathu zinkanditsatira kuti zibisale mumthunzi wake, ndipo ina inaikiramo dzira ine ndikuyenda. Wotsutsa akafunse nkhukuyo.

Ine ndi amalume tinabadwa ndi khungu lachialubino. Dzuwa la Okutobala kwathu silisewera, ngakhale abuluzi amawoloka msewu akudumphadumpha ngati aponda makala. Mmawa uliwonse amayi ankandipaka mafuta oteteza ku dzuwa, a m'kabotolo ka kuchipatala, kuyambira pamphumi mpaka kuseri kwa makutu. Ankanunkhira ngati sopo wa alendo. Pomaliza, mawu anali omwewo: "Chipewa chisachoke pamutu, ngakhale kubwere ndani."

Kunabwera aphunzitsi atsopano. Munthu wabwino, lero ndikuvomera, koma wolemekeza mwambo kuposa mwambo weniweniwo. Pa asembule, pamtetete, anandiloza: "Iwe, pamaso pa akulu timavula chipewa." Ndinavula. Mwana woleredwa bwino akanatani? Tsikulo zolengeza zinatalika, kenaka tinakasesa bwalo la mpira, chipewa chili patebulo pa aphunzitsi. Pofika kunyumba khosi langa linali lofiira ngati tomato, kutacha kunali matuza okhaokha.

Amayi sanakalipe. Anangotuma uthenga kwa amalume. Lolemba amalume anatulukira kusukulu pa njinga, mpango uli m'khosi monga mwa masiku onse, nakaima pamaso pa aphunzitsi osavula chipewa chawo. Ine ndinkasuzumira pazenera. Anamasula mpango uja, natembenuka kuti aphunzitsi aone kuseri kwa khosi lawo. Aphunzitsi anagwira pakamwa.

Chilonda chosapola chomwe dzuwa linawasiyira pamenepo ine ndinkachidziwa. Amalume anandiuza kalekale kuti analumidwa ndi fisi, ndipo iwonso anamuluma pobwezera.

Mawa lake asembule inasamukira pansi pa mitengo ya mango, sukulu yonse. "Chipewa cha uyu ndi yunifolomu," anatero aphunzitsi. "Wochikhudza wakhudza ine." Kabotolo kachiwiri kanakhala m'kabati mwawo pamodzi ndi choko, ndipo belu la buleki likalira ankakuwa: "A Chipewa, mafuta!" Ndikadzola, ankayang'anitsitsa kuseri kwa makutu anga ngati akuchonga mayeso. Kangapo konse ndinalephera n'kubwereza.

Koma kunyada kwake! Anzanga ankalimbirana kuima nane pamzere, ine n'kumagawa mthunzi molingana ndi khalidwe. Yemwe ankanditchula kuti mzungu anapsa yekha teremu yonse. Pofika Novembala theka la kalasi linali litakapempha zipewa kwa amalume, ndipo ndikulumbira, woyendetsa ndege ina yodutsa anayesa sukulu yathu ndi munda wa bowa.

Mvula yoyamba itagwa, tinawaperekeza amalume pamsewu kukakwera minibasi yopita kuchipatala chachikulu. Anandisiyira chipewa chawo, ati ndikadzakula chidzandikwana. Sananame, lero chimandikwana ndendende. "Ndikukamalizana naye fisi uja," anatero. Ndinawauza kuti ulendo uno amulume kawiri.

Minibasi itanyamuka, amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinadabwa kuti akulira chiyani, pomwe aliyense ankadziwa kuti amalume sangagonje kwa fisi.