Mabotolo Opopera a Apongozi Anga

Apongozi anga aakazi anagwira ntchito yokolopa ndi kupukuta m'nyumba ina ya maofesi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Nyumbayo inali ya nsanjika zinayi, ndipo yawo inali yachitatu: maofesi asanu ndi awiri, zimbudzi ziwiri, kakhitchini ka tiyi, ndi chipinda cha misonkhano chokhala ndi khoma lagalasi. Kumeneko aliyense ankangowatcha Mayi Psii, chifukwa usanawaone unkayamba wamva botolo lawo lopopera likulira m'khonde, psii psii, kenako kansalu kakukwecha galasi.

Mabotolowo anali atatu. Labuluu linali la magalasi, lobiriwira la matebulo ndi mipando, lofiira la jiki wosungunula, wa m'zimbudzi mokha. Awiri ankawakoleka pa lamba wa epuloni, koma lofiiralo linkatsala m'ndowa. Ankati limenelo ndi mwamuna waukali, suyenda naye kwa alendo. Chala chawo cholozera chinali chitauma ngati chikopa chifukwa chokanikiza kampini ka botolo, ndipo akamakalipira adzukulu ankawaloza ndi chomwecho.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo yekhayo, amene ndi mphunzitsi. Apongozi aamuna atamwalira tinawatenga amayi kudzakhala nafe. Ndinavutika nawo pa nkhani ya ukhondo. Ndikapukuta zenera ankabwera, n'kupendeketsa mutu kuliyang'ana cham'mbali, n'kunena kuti, "Mwananga, mwapukuta kapena mwangolisamutsa dothili?" Akatero ankatenga botolo lawo lakale lomwe ankathiramo madzi a sopo, n'kuyambiranso.

Ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka zisanu ndi chimodzi osadziwa kuti sadziwa kuwerenga. Anali ndi magalasi a maso omwe nthawi zonse ankakhala ataiwalika kwinakwake. Kalata ikabwera ankati, "Tandiwerengerani, magalasi ndasiya kuchipinda." Uthenga ukalowa pafoni ankati zilembo za masiku ano n'zazing'ono ngati nyerere. Kusaina ankatha: kamzere kokhotakhota komwe anaphunzira kujambula kalekale, kofanana nthawi zonse. Manambala a minibasi ndi a chikepe ankawadziwa. Ndani akanawakayikira mayi a aphunzitsi?

Kenako kuntchito kwawo kunabwera kampani ina yoyang'anira zaukhondo, ndi kapitawo watsopano, bambo wachinyamata woyenda ndi faelo m'khwapa. Anatolera mabotolo onse akale n'kubweretsa atsopano. Anali abwino ndithu, opepuka, opopera ngati nkhungu, osadontha m'manja. Koma onse anali oyera, osaonekera m'kati, ofanana ngati mazira. Chowasiyanitsa chinali kapepala kolembedwa komatidwa pamimba pake.

"Zonse zalembedwa apa," anatero kapitawo atawasonkhanitsa onse m'kachipinda kosungiramo zida. "Alipo amene sawerenga pano?"

Anthu anaseka. Apongozi anandiuza pambuyo pake kuti iwo ndi amene anaseka kwambiri.

Poyamba sanavutike. Mphuno yawo inkawerenga kuposa maso a aliyense. Akangopopera pang'ono m'mwamba ankadziwa. Anamangirira tiulusi tamitundu m'khosi mwa mabotolo, koma kapitawo anatidula, ati timasunga litsiro. Ndiye kunabwera chimfine chachikulu chija chinagoneka anthu ambiri. Amayi anagona sabata ziwiri, n'kuchira, koma mphuno sinabwerere. Ngakhale anyezi wopserera sankamumva. Chomwe chinawatsalira chinali malo a pa shelefu: kumanzere la magalasi, pakati la mipando, kumanja la jiki. Madzulo aliwonse ankawaika chomwecho, ndipo m'mawa ankawapeza chomwecho atathiridwa kale mankhwala.

Wothira mankhwalawo anali mayi wina wa nsanjika yachiwiri, yemwe onse ankamutcha Make Mapasa. Anali atagwira miyezi inayi yokha. Anali wamng'ono kwa amayi ndi zaka zambiri, wosalankhulalankhula, ndipo kawiri konse anali atadzudzulidwa chifukwa chochedwa, popeza ankayamba wasiya mapasa ake kwa mchemwali wake asanakwere minibasi.

Tsiku lina kunali msonkhano waukulu wa alendo ochokera kutali, ndipo kapitawo anauza Make Mapasa kuti akwere akathandize pa nsanjika yachitatu. M'mawa umenewo aliyense ankathamanga. Amayi anatenga botolo la pakati, n'kulowa m'chipinda cha misonkhano, n'kupopera mipando yonse khumi ndi iwiri, mipando ya nsalu yabuluu wakuda, pokhalira ndi potsamira, monga ankachitira nthawi zonse kuti inunkhire bwino. Atatha anapita kukatsuka zimbudzi. Make Mapasa anatsalira kukonza kapeti ndi kuika matambula patebulo.

Posakhalitsa amayi anamva mlembi wa abwana akukuwa. Atathamangira kumeneko anapeza mipando yonse ili mawangamawanga ngati nkhanga, madontho ofiirira ndi oyera paliponse. Anthu anali atagwira mphuno. Iwo okha ndiwo sankamva kanthu. Anayang'ana botolo lomwe linali pa lamba wawo.

Abwana anafika, alendo ali kale m'chikepe. Kapitawo anatuluka thukuta.

"Ndani wapopera jiki pamipando?" anafunsa abwana.

"Si ine," anatero Make Mapasa.

"Nanga ndani? Takupeza muno wekha. Mayi Psii agwira pano iwe usanabadwe n'komwe, sangachite zachibwana zoterezi." Kenako anatembenukira kwa apongozi. "Amayi, inu mwaonapo chiyani?"

"Ine ndinali m'zimbudzi," anayankha.

Sanali bodza mawuwo, koma anagwira ntchito ya bodza. Make Mapasa anawayang'ana kamodzi, n'kuyang'ana pa lamba wawo, n'kuweramitsa mutu. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane anali atavula epuloni ndi kubweza makiyi.

Kunyumba tinaona kusintha osadziwa chifukwa chake. Amayi ankabwera, n'kupereka moni, n'kulowa kuchipinda. Chakudya ankangochitokosa. Mazenera anga anachita fumbi mpaka ana kumalembapo ndi zala, iwo osanenapo kanthu. Bambo a ana ankati ndi chimfine chija sichinathe bwino. Zinatero masabata atatu.

Loweruka lina masana ndikuchapa kuseri kwa nyumba, anabwera n'kukhala pa ndowa yovundikira pafupi nane. Anatulutsa botolo loyera m'chikwama chawo.

"Mwananga, tandiwerengerani apa."

"Magalasi mwaiwalanso, amayi?" ndinatero ndikuseka, osadzutsa mutu.

"Magalasi ali pamphunopa."

Ndinayang'ana. Analidi atavala. Ndinapukuta manja pa siketi, n'kuwerenga pang'onopang'ono kuti ndi jiki, wa m'zimbudzi ndi pansi, osapopera pa nsalu, osasakaniza ndi mankhwala ena.

"Zonsezo zili pamenepa?"

"Ee, amayi."

"Ndiye kuti linkandiuza ndithu," anatero. Kenako anafotokoza zonse, kuyambira pa kuseka kuja mpaka pa makiyi. Sanalire. Ankangoyendetsa chala pa kapepalako.

Ine ndinasowa poika nkhope. Ndinakumbukira masiku onse ndinkawasiyira timapepala pa firiji, nthawi yomwe ndinawapatsa kope la mdzukulu wawo kuti aone ngati walemba bwino, ndi tsiku lomwe ndinaseka mayi wina wa kumsika pamaso pawo kuti wagwira nyuzipepala chozondotsa. Tsiku limenelo iwonso anaseka nane.

Madzulo ndinawauza bambo a ana. Anangoti, "Ndimadziwa." Ali sitandade faifi anayesapo kuwaonetsa zilembo, amayi n'kulikankha buku kuti sanamuberekere zowaphunzitsa. Kuyambira pamenepo nkhaniyo sinatchulidwenso. "Ana a eni ndaphunzitsa osawerengeka," anatero, "koma mayi anga ndimangowathandiza kusaka magalasi." Amayi atanena kuti Lolemba akaulula kuntchito, bambo a ana anafuna kupita nawo, koma amayi anakana. Ati asamuone mphunzitsi ataima pambali pa mbuli. Anasankha ine.

Tinapeza kapitawo m'kachipinda ka zida akuwerenga magolovesi. Amayi anaika botolo lija patebulo.

"Mipando ija ndinapopera ndine. Mwana uja munamuchotsa wosalakwa."

Kapitawo anatseka chitseko msanga. "Amayi, nkhani ija inatha. Mipando ina inabwera. Tisadzutse zogona."

"Kwa inu inatha."

"Nanga munalakwitsa bwanji, poti zalembedwa?"

Amayi anayang'ana ine, ngati ndingawayankhire. Ndinayang'ana pansi. Kenako anati, "Tiyeni kwa abwana, ndikanene kamodzi. Kawiri sindingathe."

Ofesi ya abwana inali yotsegula. Mlembi analipo, mlonda analipo atabweretsa makalata, ndi anyamata awiri a m'maofesi omwe amayi ankawapukutira matebulo tsiku ndi tsiku. Amayi anaima pakhomo manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu, n'kunena momveka kuti, "Bwana, ine sindidziwa kuwerenga. Sindinadziwepo. Ndinapopera jiki pamipando yanu osadziwa, ndipo mutafunsa ndinakhala chete, wina n'kuchotsedwa."

Palibe anaseka. Mwina zikanapepuka wina akanaseka. Mlonda anayamba kuyang'ana makalata ake, mlembi anayang'ana pakompyuta. Abwana anafunsa kuti nanga pepala la malamulo a mankhwala anasaina bwanji, amayi n'kuyankha kuti anasaina monga asainira zonse. Kapitawo anafiira maso, poti ndiye anawagwirira cholembera.

Sanawachotse ntchito. Anagamula kuti asagwirenso mankhwala alionse, atsike pansi azikatsuka poimika magalimoto ndi masitepe a panja ndi paipi yamadzi. Anatinso Make Mapasa akafuna abwerere.

Amayi anati uthengawo akapereka okha. Tinafunsira njira kwa mlonda, n'kupeza nyumbayo kumapeto kwa kamsewu kopapatiza, chipinda chimodzi cha mdadada wa lendi. Make Mapasa anali pakhomo akusambitsa ana m'beseni. Atationa sanadabwe. Anatipatsa mpando umodzi womwe unalipo, koma amayi anakhala pansi pa simenti.

Anayamba kufotokoza, koma atafika pa mawu oti sawerenga, Make Mapasa anawadula.

"Ndimadziwa, amayi."

"Mumadziwa?"

"Kuyambira sabata yanga yoyamba. Ndinkakuonani mukununkhiza mabotolo. Mutadwala, ndinaona kuti mwayamba kuwerengera malo a pa shelefu. Ndiye m'mawa uliwonse ndikathira mankhwala ndinkawabwezera momwe mwawasiyira. Tsiku lija ndinachedwa, kapitawo ali pamsana panga, ndinangowaponya."

Ndinafunsa ndine. "Nanga bwanji simunanene, achemwali?"

"Ndikananena kuti chiyani? Kuti mayi a msinkhu wa mayi anga sadziwa kuwerenga, pamaso pa alonda ndi alendo?" Anatulutsa mwana mmodzi m'beseni n'kumukulunga m'thawulo. "Ndinkati alankhula okha. Ndinawayang'ana. Ndinadikira mpaka pa geti, ndikuti mwina anditsatira."

Apa ndi pamene apongozi anga analira. Anavula magalasi aja n'kubisa nkhope m'manja, mapasa n'kumawayang'anitsitsa. Make Mapasa sanawatonthoze, komanso sanawathamangitse. Anapitiriza kuveka ana ake. Atatha anati ntchitoyo abwerera chifukwa cha anawa, osati chifukwa china.

Tinatsanzika, n'kukakwera minibasi yobwerera kunyumba.

Make Mapasa anapatsidwa nsanjika yachitatu. Amayi anagwira panja chaka ndi theka, atavala jombo zazikulu, akukoka paipi pakati pa magalimoto ndi kuthamangitsa matope kulowetsa m'ngalande. Anyamata a m'maofesi ankawapatsa moni waulemu kuposa kale, ndipo iwo ankati ulemu umenewo ndi womwe unkawawawa. Ndi Make Mapasa ankangopatsana moni wa m'mawa basi. Bambo a ana anagula kabuku ka zilembo zikuluzikulu n'kukasiya pa bedi pawo osanena kanthu. Masiku ena ndimakapeza katasuntha, masiku ena ayi. Sindifunsa.

Mawondo atayamba kutupa ndi kuzizira kwa madzi, anapuma ntchito. Tsiku lawo lomaliza, cha m'ma teni koloko, Make Mapasa anatsika ndi makapu awiri a tiyi. Anamwera chiimire pafupi ndi mpope, akukamba za mawondo ndi za mapasa omwe anali atayamba sukulu ya mkaka. Amayi anandiuza kuti tiyiyo anali wabwino, wa shuga wokwanira, koma ankakana kutsika kukhosi. Anamumaliza chifukwa mwini wake anaima pomwepo mpaka kapu itauma.