Mayi Estere Matewere, Wozonda Odwala Mapazi ku Joe Slovo

Akulu a mpingo andipempha kuti ndilembe za malemu mayi Estere Matewere m'kalata ya mwezi uno. Ati ndilembe zabwino. Ine ndine Golden, munthu wa pamsewu, wonyamula katundu pakati pa Cape Town ndi Blantyre. Zokometsera sindizitha.

Anabadwira ku Chinamwali, ku Zomba, mu 1954. Bambo awo anali telala. Galimoto inawagunda, mwendo n'kudulidwa. Komabe ankalira kuti chala cha mwendo womwewo chikuwawa. Estere, ali kamtsikana, anafunsa kuti: "Chala choti munakwirira kale chikuwawa bwanji?" Funso limenelo linamukokera kusukulu mpaka anakhala katswiri wa za ubongo, mitsempha ndi mankhwala oletsa ululu.

Anaphunzitsa ku Blantyre zaka zambiri. Mu 2008, amuna awo atamwalira, anabwera kuno ku Cape Town kudzachita kafukufuku pa yunivesite ina. Akanatha kumapemphera kutauni. Iwo ayi. Ankakwera takisi kubwera ku Joe Slovo Park, kutchalitchi chathu chamalatachi. Chitenje m'chiuno, Baibulo m'manja, benchi lakumbuyo. Alendo ankayesa ndi antchito a m'nyumba ngati anzawo onse.

Amayi athu ambiri ankavutika ndi mapazi. Kuyaka ngati aponda makala. Ena chifukwa cha shuga, ena chifukwa cha mankhwala akale otalikitsa moyo. Koma kuchipatala ankabisa, poopa kuti abwana ku Camps Bay akamva awachotsa ntchito. Mayi Matewere anaona zimenezi. Ankati: "Mmalawi sauza wovala zoyera ululu wake. Amauza wodzamuzonda."

Ndiye kafukufuku wawo anamuyendetsa ngati kuzonda odwala. Loweruka lililonse, buledi ndi shuga m'thumba, khomo ndi khomo. Ankakhala pansi. Pemphero kaye. Kenaka ankafotokoza cholinga chawo n'kupempha chilolezo. Wovomera ankamugunda phazi ndi kaulusi kuti aone ngati akumva, n'kumutenga timagazi pang'ono. Anapeza kuti ndi mankhwala ati amaziziritsa mitsempha yopsayo, ndipo ndi ati amangodzaza m'mimba. Zolemba zawo zinawerengedwa ndi madokotala a mayiko akutali. Kuno amayi anayamba kupeza tulo.

Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka kumudzi. Zinafika kuno pa foni. Pamsonkhano wa amayi, mtsogoleri wawo, mayi Viness, anaimirira.

"Tifunse poyera. Magazi athu aja amapita nawo kuti? Munthu wa sukulu yonseyo, m'mashakimu amalata muno akufunamo chiyani?"

Amayi omwe anachira anangowerama. Lamlungu lotsatira akulu a mpingo anawaitanira pambali.

"Amayi, muyambe mwapuma kuzonda odwala. Mphepoyi idutse kaye."

Zitseko zinatsekeka. Amayi anatuluka m'kafukufuku mmodzimmodzi, nalamula kuti magazi awo atayidwe. Mayi Matewere anamvera. "Ndi magazi awo," anatero. Ntchito yaikulu koposa ya moyo wawo inathera panjira.

Nditabwera ku ulendo ndinapsa mtima. Ndinati: "Mayi, chokani. Matchalitchi ngambiri m'tauni muno."

Anaseka. "A Golden, inu mwazolowera kupakira katundu. Mwana akakuluma, suleka kumuyamwitsa."

Sanaphonye Lamlungu. Ankaimba, ankasesa. Pa benchi lawo ankakhala okha. Ena mwa owathawawo ankatumabe uthenga mobisa, kufunsa dzina la mankhwala oti akapemphe kuchipatala. Mayi Viness nawonso anatumiza wawo. Onse ankayankhidwa mwaulemu.

Kumayambiriro kwa 2019 anawapeza ndi khansa. Ululu umene anauphunzira moyo wonse unawafikira eni ake. Sanadandaule. Amayi a mpingo sanapite kukawazonda. Anawasamala ndi a Zuhra, mayi wachisilamu wa ku Mangochi woluka tsitsi, amene mapazi ake anachiranso m'manja mwawo. Ine ndikafika ndi ufa ndi usipa wochokera kumudzi, funso la mayi Matewere linali limodzi.

"Kodi akulu aja anenapo? Ndili ndi odwala anga ku Joe Slovo."

Ndinkayankha zoona. Sananene.

Anatisiya mwezi wa Julaye, masana, mvula ikuwaza. A Zuhra akuti malemuwa anapempherera mpingo wathu potchula mayina, mmodzimmodzi, kenaka anagona ngati mwana. Pamaliro panabwera mapulofesa. Akulu athu anakhala nawo kutsogolo, nalankhula za mwana wathu wonyaditsa.

Chitsanzo atisiyira: kutumikira anthu okukana, osawabwezera. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Koma chiletso chija sichinachotsedwe. Palibe anaimirira kunena kuti mphepo yadutsa. Akulu a mpingo, Lamlungu likubwerali ndidzakhala ndili kuno. Ulendo wa ku Blantyre ndauimitsa. Ndikufuna ndidzamve ndi makutu anga.